Chithandizo chadzidzidzi cha asilikali ku Malawi

Chithandizo chadzidzidzi cha asilikali ndi thandizo lachipatala lomwe asilikali amapereka kwa munthu wovulala kuyambira pomwe wavulalira mpaka atafika m'manja mwa madokotala ochita opaleshoni. Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa gulu la asilikali la Malawi Defence Force, lomwe lili ndi madokotala, anamwino komanso zipatala m'malo ake monga Kamuzu Barracks ku Lilongwe, Cobbe Barracks ku Zomba ndi Moyale Barracks ku Mzuzu. Asilikaliwa amagwira ntchitoyi akatumidwa kukasungitsa mtendere kunja, komanso kukagwa ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno kumudzi.

Momwe ntchitoyi imayezedwera

Choyamba chomwe akatswiri amayang'ana ndi nthawi. Bungwe la United Nations lili ndi muyezo wotchedwa 10-1-2. Muyezowu umati wovulala alandire chithandizo choyamba mphindi 10 zisanathe, aonedwe ndi achipatala odziwa kupulumutsa moyo pasanathe ola limodzi, ndipo ngati akufunika opaleshoni, ichitike maola 2 asanakwane. Mphindi 10 zoyambazo ndi zofunika kwambiri chifukwa munthu amene mtsempha waukulu wamagazi waduka angathe kufa m'mphindi zochepa chabe. Pa chifukwa ichi msilikali aliyense, ngakhale asakhale wachipatala, amayenera kudziwa kumanga lamba pamwamba pa bala kuti magazi aleke kutuluka, ndi kugoneka wokomoka mwanjira yoti azipuma bwino.

Chachiwiri ndi kasankhidwe ka ovulala. Anthu akavulala ambiri nthawi imodzi, sathandizidwa potengera amene wayamba kufika. Amene moyo wake uli pachiswe ndiye amayamba, ndipo amene angathe kuyenda yekha amadikira. Oyeza ntchitoyi amafufuza ngati kusankhaku kunachitika molondola.

Chachitatu ndi zipangizo ndi mayendedwe, monga machira, ma ambulansi, maboti, helikopita ndi mawailesi olumikizirana. Chachinayi ndi kaundula. Ngati nthawi yomwe munthu anavulala, yomwe ananyamulidwa ndi yomwe anafika kuchipatala sizinalembedwe, palibe njira yodziwira ngati imfa yake ikanapeweka.

Ku Democratic Republic of Congo

Kuyambira mu 2013 asilikali a Malawi anakhala akugwira ntchito kum'mawa kwa DRC pansi pa United Nations, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi mzinda wa Beni. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete. Iye anakoka msilikali wa ku Tanzania yemwe anavulala, Corporal Ali Khamis Omary, n'kupita naye pamalo obisika, ndipo anawomberedwa akumupatsa chithandizo choyamba. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 United Nations inalemekeza Chitete ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yomwe banja lake linakalandira ku New York. Nkhaniyi ikusonyeza kuti pankhondo, woyamba kuthandiza wovulala kawirikawiri amakhala msilikali mnzake amene ali naye pafupi, dokotala asanafike.

Namondwe wa Freddy ku Blantyre

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yamphamvu kwa masiku angapo m'chigawo chakummwera. Ku Blantyre matope ndi miyala zinagumuka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'chigawochi mwagwa ngozi yaikulu. Asilikali anagwira ntchito yofufuza ndi kupulumutsa anthu mogwirizana ndi apolisi, bungwe la Malawi Red Cross Society ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Ovulala ambiri ankapita nawo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe anthu amachitcha kuti Gulupu. M'dziko lonse anthu oposa 600 anapezeka atafa ndipo oposa 500 anasowa.

Muyezo wa 10-1-2 anaukonzera asilikali ogwira ntchito za United Nations, koma ukayerekezedwa ndi zomwe zinachitika ku Chilobwe umaonetsa pomwe panali vuto. Kuchokera ku Chilobwe kukafika ku Gulupu ndi makilomita ochepa, komabe misewu ndi milatho zinali zitaonongeka, magetsi atazima, mvula ikugwabe. Oyamba kufukula anzawo anali anthu a m'deralo omwe, pogwiritsa ntchito makasu ndi mafosholo. M'maboma monga Nsanje, Phalombe ndi Mulanje madera ena ankafikika ndi boti kapena ndege basi, ndipo maiko a Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege zodzathandiza.

Choncho poyeza chithandizo cha asilikali pa ngozi zotere, luso la madokotala palokha silokwanira. Pamafunikanso kuona kuti uthenga unawapeza nthawi yanji, anali ndi zoyendera zotani, ankalumikizana bwanji ndi zipatala za boma, komanso ngati anthu okhala m'mphepete mwa mapiri monga Soche ndi Ndirande anaphunzitsidwapo chithandizo choyamba.