Chitseko chakale chisanduka tebulo losokera

MITANDE, Mandimba. M'makonde a sitolo kuyambira ku Cuamba kudzafika ku Mandimba mpaka ku Massangulo m'boma la Ngauma, phokoso la makina osokera silichita kufunsa. Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri anabwerera kwawo kuchokera ku Malawi, ndipo ena anadutsa pa Chiponde atasenza makina opukusa ndi dzanja. Koma mpaka lero makina ambiri otere amakhala pamphasa kapena pakampando, chifukwa eni ake amaona ngati tebulo ndi chinthu cha anthu andalama.

Kusowa tebulo kumadya phindu. Kapulana wodulira pamphasa amapendekeka, ndipo telala akalakwitsa kudula amalipira nsalu ya mwini ndi ndalama za m'thumba mwake. Wosokera pansi amawerama tsiku lonse, madzulo msana n'kumawawa, fumbi nalo litalowa m'makina.

Amisiri a matabwa amati mtengo wa tebulo umakwera chifukwa cha pamwamba pake, choncho wofuna kusunga ndalama ayambe wafunafuna chitseko chakale chosapindika. Chitseko chimatalika pafupifupi mamita 2 ndipo m'lifupi chimakhala masentimita 80, malo okwanira kuyalapo kapulana wopinda pawiri. Chikasowa, matabwa a paini atatu kapena anayi olumikizidwa ndi timatabwa topingasa kunsi amagwira ntchito yomweyo, ndipo ndi otsika mtengo kuposa mlombwa. Matabwawo akhale ouma, chifukwa aawisi amapindika ndi kusiya mipata yomeza singano.

Miyendo inayi idulidwe mofanana, kuti tebulo likhale masentimita 70 mpaka 75 kuchokera pansi. Muyeso weniweni ndi thupi la wosokayo: akakhala pampando, zigongono zilingane ndi pamene nsalu ikudutsa pamakina. Pofuna kudula nsalu ataimirira, njerwa imodzi kapena ziwiri pansi pa mwendo uliwonse zimakweza tebulo kufika m'chiuno.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pomangirira miyendo. Miyendo yongokhomera kuchitseko imayamba kugwedera msanga, popeza makina amanjenjemera. Pamafunika felemu ya matabwa anayi yogwira miyendo kumtunda, thabwa lina lopingasa chakumunsi, ndi timatabwa topendeketsa m'ngodya. Asanamalize kukhoma, munthu ayeze felemuyo ndi chingwe kuchokera pangodya ina kukafika pangodya yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana, ndiye kuti felemu yaongoka.

Pamwamba papalidwe bwino ndi sandipepala, ndipo mitu ya misomali ilowetsedwe m'kati mwa thabwa, chifukwa msomali umodzi wotuluka ukhoza kung'amba diresi la ukwati. Oyilo wakutha wa galimoto amathandiza kuletsa chiswe, koma apakidwe kumapazi a miyendo kokha. Akafika pamwamba amadetsa nsalu. Miyendo ikhalenso pamiyala yafulati osati padothi. M'mphepete mwa tebulo mulembedwe muyeso wa mita imodzi, kuti woyeza nsalu asamavutike kufuna tepi.

Tebulo lotere limatsegulanso njira ina yopezera ndalama. Zidutswa za kapulana zimene atelala amasesera kudzala zikhoza kulumikizidwa n'kukhala chofunda cha zigamba. Chofundachi chimakhala ndi magawo atatu: zigamba pamwamba, bulangete lakale kapena thonje lochotsa njere pakati, ndi nsalu imodzi kunsi. Thonje silisowa m'dera lino, kumene alimi amalilima ndipo limakapunthidwa ku fakitale ya ku Cuamba. Magawo atatuwo amafuna kuyalidwa mosalala ndi kugwiritsidwa ndi ulusi wotalikirana asanalowe m'makina, apo ayi chofunda chimatuluka chamakwinya. Pamphasa ntchitoyi imavuta, koma patebulo lalitali nsalu yolemerayo imatsamira bwino osakoka singano.

Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri kumapiri a Ngauma ndi Lichinga, ndipo si banja lililonse limene lingagulire mwana aliyense bulangete la m'sitolo. Wofuna kudzagulitsa zofunda nthawi imeneyo ayenera kukhoma tebulo lake mvula ikamatha, ndi kuyamba kusunga zigamba m'thumba kuyambira lero.