Za Kutera kwa Galimoto pa Mars, ndi Mboni Zimene Zinapita Nayo

Munthu wa kuno ku Kapata akaonetsedwa pa foni kanema uja wa galimoto yotsika pa dziko la Mars, amene bungwe la NASA la ku America linamutulutsa pa 22 Febuluwale 2021, kawirikawiri amayamba wakhala chete, kenaka n'kufunsa funso limene anyamata ophunzira amaliyesa laumbuli, koma ine ndiliyesa lanzeru ndithu, lakuti: ngati kumeneko kulibe munthu, nanga anagwira kamera ndani? Funsoli ndi loyenera mfulu, pakuti iye amene afunsa za kanema kuti mboni yake ndani, mawa adzafunsanso chimodzimodzi za mlatho, za sukulu ndi za ndalama za Boma. Ndipo poti yankho lake silingaperekedwe popanda kulongosola za eni ntchito, za kumene ndalama zichokera, ndi za iwo amene ayang'anira oyang'anira, nkoyenera kuti tiyambire pansi pano tisanakweze maso kumwamba.

Bungwe la NASA linakhazikitsidwa ndi lamulo m'chaka cha 1958, ndipo lilibe chuma chakechake, koma chaka ndi chaka limapita ku nyumba ya malamulo ya dzikolo, yotchedwa Congress, kukapempha gawo la misonkho ya anthu. Amene amapanga magalimoto a NASA opita ku Mars ndi amisiri a ku Jet Propulsion Laboratory, pafupi ndi mzinda wa Pasadena ku California, malo amene ndalama zake ndi za Boma koma kayendetsedwe kake kali m'manja mwa sukulu yaukachenjede ya Caltech. Ntchito ya galimoto imene tikunenayi, yotchedwa Perseverance, inalengezedwa mu Disembala 2012, ndipo mtengo wake, kuphatikiza zaka zoyamba zoiyendetsa, unayerekezedwa pa madola pafupifupi 2.7 biliyoni. Kuyambira tsiku la chilengezo kufikira tsiku lonyamuka, ntchitoyo inadutsa pa mabwalo angapo, pamene akatswiri osakhala a gululo ankakhala pansi kufufuza mapulani, kufunsa mafunso owawa, ndi kulangiza ngati ipitirire kapena iyambe yakonzedwa; ndiponso mu 2017 ofesi ya mkulu wofufuza za NASA inalemba lipoti lake loonetsa pamene panali chiopsezo cha kuchedwa, lipoti limene aliyense angathe kuliwerenga. Ife a m'Zambia tili nacho chofanana nacho mu ofesi ya Auditor General, amene malipoti ake amapita ku Nyumba ya Malamulo ku Lusaka. Kusiyana kwake, ngati kulipo, kuli pa unyinji wa anthu amene amavutika kuwawerenga.

Ngakhale malo oterapo sanasankhidwe ndi mfumu imodzi. Kwa zaka zingapo asayansi ankasonkhana poyera natsutsana za malo oposa 60, kufikira mu Novembala 2018 pamene chigamulo chinagwera chigwa cha Jezero, chotambalala makilomita 45, mmene kalekale munali nyanja, ndi mtsinje wothira m'nyanjamo umene unasiya matope ake pamatsiriro. M'matope otere ndimo mungasungike zizindikiro za tizilombo tamoyo, ngati tinakhalako. Koma malo okoma kwa asayansi anali oopsa kwa amisiri, chifukwa muli maphompho, miyala ikuluikulu ndi milu ya mchenga.

Kusamala konseku bungweli silinabadwe nako. Linachita kuphunzira ndi misozi. Mu Sepitembala 1999 chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chitafika kale ku Mars, ndipo ofufuza anapeza kuti gulu limodzi la amisiri linkawerenga mphamvu ya injini m'miyeso ya Chingerezi ya mapaundi, pamene linzake linkayesa kuti manambala omwewo ali m'miyeso ya metiriki. Mu Okutobala 2016 chombo cha a ku Ulaya, Schiaparelli, chili m'mwamba makilomita oposa atatu, kompyuta yake inasokonezeka niyesa kuti yafika kale pansi, motero inataya parachuti, inazimitsa injini, ndipo chombocho chinagwa n'kuphwanyika. Pa zonse ziwirizi mlandu unafufuzidwa, zotsatira zake n'kusindikizidwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma pali mnzake wa safunsa woipa koposa, ndiye iye amene walawa phulalo nabisira anzake kuti nawonso akalawe.

Tsono tifike pa chinthu chimene chili pamtima pa nkhani yonse. Perseverance inanyamuka ku Cape Canaveral pa 30 Julayi 2020, m'nyengo ija imene imabwera kamodzi pa miyezi 26 pamene dziko lathu ndi Mars ziyandikana mokwanira, ndipo inafika pa 18 Febuluwale 2021. Tsiku limenelo Mars anali kutali ndi ife makilomita oposa 200 miliyoni, kotero kuti uthenga wa wailesi, umene uyenda pa liwiro la kuwala ndipo palibe chouposa, unkatenga mphindi 11 ndi masekondi 22 kuti ufike kuno. Pamene kutsika konse, kuchokera pamwamba pa mpweya wa Mars kufikira pa dothi, kumatenga mphindi 7 zokha. Tanthauzo lake ndi ili: panthawi imene amisiri ku Pasadena anamva kuti chombo chayamba kulowa mu mpweya, n'kuti galimotoyo ili kale pansi, yamoyo kapena yakufa. Panalibe woilangiza, panalibe woiitana kuti ibwerere. Ulamuliro wonse unayenera kuperekedwa ulendo usanathe, wolembedwa m'kompyuta, woyesedwa ndi kuyesedwanso, ndipo anthu aja tinawaona atakhala pa mizere ya makompyuta usiku umenewo anali omvera chabe, osati olamula.

Chombocho chinalowa mu mpweya wa Mars pa liwiro la makilomita pafupifupi 19,500 pa ola. Mpweya umenewo ndi wopyapyala, wosaposa gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wathu, ndipo ndiwo gwero la mavuto onse, pakuti ndi wokwanira kuwotcha chombo koma wosakwanira kuchiimitsa. Choyamba kugwira ntchito chinali chishango cha kunsi, chimene chinatentha kufikira madigiri pafupifupi 1,300, chikulandira moto umene ukanapsereza zonse za m'kati. Patapita mphindi 4, chombo chili pamtunda wa makilomita 11 ndipo chikali kuthamanga koposa liwiro la mawu, mfuti yaing'ono inaponya kunja parachuti wa mamita 21.5 m'mimba mwake. Ndipo nthawi yomuponyera sinaikidwe pa wotchi ayi, koma kompyuta inaisankha yokha poyesa mtunda wotsala kufika pa malo olinga. Masekondi 20 pambuyo pake chishango chinatayidwa, galimoto niiona nthaka koyamba. Apa panachitika chinthu chimene sichinachitikepo pa maulendo am'mbuyo: kamera ina inayamba kujambula pansi mofulumira, kompyuta n'kumafananiza zithunzizo ndi mapu amene inanyamula, opangidwa kuchokera ku zithunzi za masetilaiti, mmene malo onse oopsa anali olembedwa, potero inadzidziwa pamene ili, nisankha malo abwino apafupi. Popanda nzeru imeneyi amisiri sakanavomera za Jezero.

Parachuti yekha sangathe kutsiriza ntchito pa Mars, chifukwa ngakhale atatambasuka bwino, chombo chimagwabe pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Nchifukwa chake pamtunda wa makilomita 2.1 galimoto inadzimasula kwa parachuti, itagwiridwa pamsana ndi chitsulo cha injini 8 za roketi zolozetsa pansi. Wina angafunse kuti bwanji osangotera ndi injinizo mpaka pansi. Yankho ndi lakuti moto wake ukanakumba nthaka ndi kuulutsira miyala ndi fumbi pa zipangizo. Magalimoto aang'ono a 2004, Spirit ndi Opportunity, anawakulunga m'matumba a mpweya nawasiya adumphedumphe mpaka ataima, koma Perseverance imalemera makilogalamu 1,025, ndiko kunena matumba 20 a chimanga a pa msika wa Kapata ndi theka la thumba pamwamba, ndipo palibe nsalu imene ikanapirira. Motero pamtunda wa mamita pafupifupi 21 chitsulo cha injini chija chinayamba kutsitsa galimoto pa zingwe zitatu za nayiloni, zotalika mamita 6.4, mawilo ake 6 natambasuka. Ndipo mawilo atakhudza pansi pa liwiro locheperapo kuyenda kwa munthu, kulemera kutachoka pa zingwe, timipeni tinadula zingwezo, chitsulocho n'kuuluka kukagwera kutali. Mayi Swati Mohan, amene anali kulengeza zochitika, ananena kuti kutera kwatsimikizika nthawi ili pafupifupi 22:55 kuno kwathu.

Nanga wogwira kamera? Makamera oikidwira ntchito yojambula kutsikaku analipo 6, omangiriridwa pa chombo chomwecho: atatu oyang'ana m'mwamba kwa parachuti, imodzi pa chitsulo cha injini yoyang'ana galimoto ikulendewera, ndi awiri pa galimoto, ina yopenya kumwamba, ina yopenya pansi. Sanali makamera opangidwa mwapadera, koma ogulidwa kwa amalonda n'kulimbitsidwa pang'ono, ndipo analoledwa kukwera pa pangano limodzi, lakuti akafa afe okha, asasokoneze kutera. Imodzi mwa atatu a parachuti inafadi pamene mfuti ija inalira, ndipo maikolofoni imene inali pa galimoto sinajambule kanthu potsika, ngakhale patapita masiku awiri inamva mphepo ya pa Mars. Zonsezi a NASA anazinena poyera pa tsiku lomwe anaonetsa kanemayo. Cholinga chenicheni sichinali kusangalatsa ife oonera. Kuyambira m'masiku a zombo za Viking mu 1976 amisiri ankatumiza maparachuti ku Mars osaona ndi maso awo mmene amatambasukira kumeneko. Nchifukwa chake nsalu ya parachuti uyu inasokedwa ndi mabala ofiira ndi oyera osafanana, kuti pa kanema adziwe mbali imene yatembenuka ndi chingwe chimene chakoka. Ndipo kuti nkhani ikhazikike pakamwa pa mboni yoposa imodzi, setilaiti ya Mars Reconnaissance Orbiter, imene yakhala ikuzungulira Mars kuyambira 2006, inajambula chombocho chili pansi pa parachuti kuchokera pamtunda wa makilomita 700, ndi kamera imene oiyendetsa ake ali ku yunivesite ya Arizona.

Zithunzizo, zoposa 23,000, zinayamba zasungidwa m'galimoto, kenaka zinatumizidwa pang'onopang'ono ku masetilaiti odutsa pamwamba, ena a America, ina ya Ulaya, amene anaziponya ku dziko lathu. Kuno zimalandiridwa ndi mbale zikuluzikulu za wailesi zimene zili pa malo atatu, Goldstone ku California, Madrid ku Spain ndi Canberra ku Australia, zotalikirana motero kuti dziko likamatembenuka, ina ikataya Mars m'maso inzake imakhala itamuona kale. Sambiri akudziwa kuti Afirika anagwirako ntchito imeneyi: ku Hartebeesthoek, pafupi ndi Johannesburg kumene makolo athu ambiri a kuno kum'mawa ankapita kumigodi, NASA inamanga mbale ya mamita 26 mu 1961, ndipo inali pakati pa zolandira zithunzi za Mariner 4 mu Julayi 1965, zoyamba kujambulidwa pafupi ndi Mars. Kuti zithunzi zotere zimaperekedwa kwa aliyense kwaulere si kukoma mtima kwa akuluakulu a bungwelo. Lamulo lija la 1958 limawakakamiza kufalitsa zotsatira za ntchito zawo kwa anthu ambiri monga kungathekere.

Sitingathe kunena za Mars m'dziko muno osatchula Bambo Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi, msilikali wa nkhondo yachiwiri ndi womenyera ufulu, amene mu 1964 analengeza kuti Zambia idzapita ku mwezi ndi ku Mars, naphunzitsa achinyamata ake pafupi ndi Lusaka powagubuduza m'migolo pa chitunda, napempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO amene sanabwere. Atolankhani akunja anamuseka, ndipo kufikira lero anthu amatsutsana ngati iye ankanenetsa kapena ankaseka oseka. Ine ndiona kuti maso ake anapenya kutali bwino lomwe, koma anali yekha, wopanda nyumba ya malamulo yomuikira ndalama, wopanda bwalo lomufunsa mafunso, ndipo mutu umodzi susenza denga. Komabe dziko lake lili ndi mawu pa nkhani ya Mars, chifukwa mu 1973 Zambia inalowa m'pangano la maiko la 1967 lonena za kuthambo, limene liletsa dziko lililonse kutenga mwezi kapena pulaneti kukhala lakelake, liika pa boma lililonse udindo wa zochita za anthu ndi makampani ake kumeneko, ndiponso lilamula kupewa kudetsa maiko enawo. Ndicho chifukwa china chimene Perseverance inamangidwira m'chipinda choyera koposa cha opaleshoni, amisiri atavala zophimba thupi lonse, kuti tizilombo ta kuno tisakapezeke ku Jezero n'kuyesedwa ta kumeneko.

Galimotoyo yakhala ikuboola miyala ndi kusunga zidutswa zake m'timachubu totsekedwa, ndipo pakati pa Disembala 2022 ndi Januwale 2023 inasiya timachubu 10 pansi pa chigwacho, kuti ulendo wina udzatitenge ngati iyo itafooka. Koma mu 2023 bwalo la akatswiri oima paokha linapeza kuti ulendo wokatenga miyala ya Perseverance ungadye madola pakati pa 8 ndi 11 biliyoni, kuposa kwambiri zimene zinaganiziridwa poyamba, ndipo mu Epulo 2024 akuluakulu a NASA anavomera kuti mtengowo ndi wosapiririka, napempha amisiri awo ndi makampani kuti abwere ndi njira zina zotsika mtengo.