Mmene Linux Inatayira Loko Wake Wamkulu

Mu 1996, kompyuta yokhala ndi mapulosesa awiri inali chuma chonyaditsa mwini wake. Chaka chomwecho kunatuluka Linux 2.0, yoyamba m'banja lake kudziwa kugwiritsa ntchito mapulosesa angapo nthawi imodzi. Koma mukanasuzumira m'kati mwa kernel, mtima wa dongosolo lonse umene umagawa memory, kulankhula ndi zipangizo ndi kupatsa pulogalamu iliyonse mpata wake, mukanagwira pakamwa. Mapulosesa analidi awiri, koma m'kernel munkaloledwa imodzi yokha. Inayo, yogulidwa ndi ndalama zankhaninkhani, inkangozungulirazungulira pakhomo kudikira kuti inzake ituluke.

Panali chifukwa chake. Taganizirani chigayo cha mpunga ku Chama m'nyengo yokolola, alimi a m'chigwa cha Luangwa atandanda pamzere, matumba ali mbwee. M'chigayomo muli alembi awiri koma buku ndi limodzi. Woyamba ayang'ana m'buku, apeza 40, alandira thumba, atola cholembera kuti alembe 41. Asanalembe, wachiwiri naye ayang'ana, apezanso 40, alandira thumba lake, alemba 41. Pofika madzulo m'nyumba muli matumba 42, buku likunena 41, chonsecho palibe waba. Akatswiri amatcha vutoli race condition. Kuipa kwake n'kwakuti limachitika mwa apo ndi apo, awiriwo akakumana pa kamphindi kolakwika, ndipo mukaima pompo kuti muwagwire, tsikulo zonse zimayenda bwino.

Mankhwala amene Alan Cox ndi anzake okonza Linux anapeza anali achidule: loko mmodzi pakhomo la chigayo chonse, kiyi mmodzi. Loko ameneyu anatchuka ndi dzina lakuti Big Kernel Lock. Buku linasiya kusokonekera, inde, koma tsopano woyeza matumba, wosesa ndi wongofuna kumwa madzi, onse ankaima padzuwa kudikira kiyi yemweyo. Mukawonjezera antchito, mzere ndi umene unkatalika. Lokoyo analinso ndi khalidwe lodabwitsa: wogwira kiyi akaima kudikira disk, kiyiyo ankam'pulumuka yekha n'kupita kwa wina. Patapita zaka, panalibenso munthu wotha kunena motsimikiza kuti pamalo akutiakuti lokoyo akuteteza chiyani. Aliyense ankangoopa kumukhudza.

Nanga madriver, timapulogalamu tolankhula ndi chipangizo chilichonse? Kumeneko ndiye kunali misozi yeniyeni. Cha m'ma 2005, munthu ankaika Linux pa laputopu yake mosangalala, n'kupeza kuti Wi-Fi kulibe. Ambiri ankabwereka driver ya Windows n'kuikakamiza kudzera mu NDISwrapper, ndipo ikakwiya inkagwetsa kompyuta yonse. Amene anagwiritsapo ntchito ma dongle a intaneti a Huawei akukumbukira kuti ukalowetsa, kompyuta inkaona ngati waikamo CD, mpaka wina aiuze kuti ayi, iyi ndi modemu. Kuzula chipangizo cha USB driver ili pakati pa ntchito kunali kuputa tsoka: mbali imodzi ya kernel yataya kale memory ya chipangizocho, mbali ina ikulembabe momwemo. Sikirini inkadzaza manambala, kiyibodi osayankha, ntchito ya tsiku lonse yapita.

Ndiye anthu anavula majekete. Ntchito yake sinali ya chaka chimodzi, ndipo inalibe ulemerero uliwonse. Mu Linux 2.2 ya 1999 ndi 2.4 ya 2001, zipinda zotanganidwa kwambiri zinayamba kulandira maloko awoawo. Mu 2002 kunalowa RCU, nzeru imene Paul McKenney wakhala akuisamalira mpaka lero, ndipo ine ndimaikonda kuposa zonse. Ofuna kuwerenga buku amangowerenga osadikira kiyi. Wofuna kusintha amakopera tsamba, kulikonza pambali, kuliika m'malo mwa lakale, ndipo lakalelo amalitaya pokhapokha owerenga onse atachotsapo maso. Kuphweka kwake!

Maloko ambiri anabwera ndi vuto lawo. Uyu wagwira kiyi wa chipinda choyamba akudikira wa chachiwiri, uyo wagwira wa chachiwiri akudikira wa choyamba, onse n'kuuma pomwepo mpaka kalekale. Mu 2006 Ingo Molnar anabweretsa lockdep, mlonda amene amalemba ndondomeko imene maloko akutsekedwera, n'kukuwa akangoona njira yoti awiri angadzakolane, ngakhale kukolanako kusanachitike n'kamodzi komwe. Kale munthu ankadziwa vuto makina atafa. Tsopano ankauzidwa makina akadali amoyo.

Chigawo chotopetsa kwambiri chinayamba mu 2008. Loko wamkulu uja anali atabisala m'madriver ambirimbiri, ena a zipangizo zimene fakitale yake inatsekedwa kalekale. Jonathan Corbet, Arnd Bergmann ndi ena anatsegula driver imodziimodzi, kuiwerenga mzere ndi mzere, kufunsa kuti lokoyu pano akuteteza chiyani, kenako kuikapo loko wamng'ono woyenera kapena kupeza kuti sankafunika n'komwe. Zina zimene zinalibenso mwini anazichotseratu. Ganizirani kuleza mtima kwake: miyezi ndi miyezi kukonza zinthu zimene wogula sadzaziona. Mu Meyi 2011 kunatuluka Linux 2.6.39, Bergmann atazula chidutswa chomaliza. Patatha zaka 15, loko wamkulu kunalibenso.

Ku madriver nako kunkacha. Mu 2007 Greg Kroah-Hartman analengeza kuti kampani iliyonse yopanga zipangizo ingobweretsa malongosoledwe a chipangizo chake, anthu a Linux ailembera driver ulere. Mu 2010 Broadcom, imene tizipangizo take ta Wi-Fi tinaliritsa anthu ambiri, inatulutsa driver yake poyera.

Koma vuto lina loopsa la race condition linali likubisalabe. Mu Okutobala 2016, Phil Oester anagwira akuba akulowa pa seva yake kudzera m'bowo limene linatchedwa Dirty COW. Mapulogalamu awiri akathamangitsana mwadala pa tsamba limodzi la memory, munthu wamba ankatha kulemba m'fayilo yoletsedwa n'kudzisandutsa mwini makina. Bowolo linali lotseguka kuyambira 2007, ndipo linakhudzanso mafoni a Android. Linus Torvalds mwiniwake, amene anayambitsa Linux, anaulula kuti anayesapo kulitseka zaka 11 m'mbuyomo, koma chigamba chake chinachotsedwa chifukwa chinkasokoneza makompyuta akuluakulu a IBM. Chigamba chenicheni chitabwera chinali cha mizere yochepa chabe.

Lero osaka zolakwika sagona, chifukwa ambiri mwa iwo ndi makina. Kuyambira 2017, syzbot ya ku Google imaponyera kernel malamulo osokonekera usana ndi usiku, ndipo ikaigwetsa imatumiza kalata kwa eni chigawocho, kawirikawiri pamodzi ndi kapulogalamu kobwereza ngoziyo. Inaphunziranso kudzinamiza kuti ndi chipangizo cha USB, chabwino kapena chopenga, n'kuvumbula zolakwika mazanamazana m'madriver. Mu 2020 kunalowa KCSAN, imene imaimitsa dala mlembi mmodzi cholembera chili m'mwamba, n'kuyang'ana ngati wina akhudze tsambalo. Vuto lija lothawa maso tsopano likugwidwa dzanja lili m'buku! Mu 2022 chilankhulo cha Rust chinaloledwa m'kernel, ndipo icho chimakana ngakhale kumanga pulogalamu imene ikugwira katundu wotetezedwa isanatenge kiyi wake.

Tayang'anani tsono kumene zafika. Kernel imene inkalephera kusunga alendo awiri m'nyumba, kuyambira Novembala 2017 ndiyo ikuyendetsa makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko. Laputopu yakale mukaiika Linux lero, nthawi zambiri Wi-Fi imayaka musanamalize n'kuika komwe. Flash mumailowetsa ndi kuizula popanda kugunda mtima.

Chondipweteka n'chakuti mafoni otsika mtengo ambiri amasiya msanga kulandira zigamba, ndiye zokonzedwa dzulo siziwafika onse. Komabe zazikuluzo zinafika kale. Foni ya Android ya Tecno kapena itel ili m'thumba la wogula mpunga pa boma la Chama imayendera Linux yomweyo, ndipo kawirikawiri imakhala ndi ma core, timapulosesa ta m'kati mwake, 4 kapena 8. Core ina ikulandira uthenga wa WhatsApp kuchokera ku Lundazi, ina ikusamala kamera pamene mwini akujambula matumba, ina ikulankhula ndi nsanja ya netiweki kuti ndalama za Airtel Money kapena MTN zidutse, ina ikuyang'anira batire imene yatchajidwa pa sola. Zonsezo zimalowa m'kernel nthawi imodzi, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, iliyonse ndi kiyi wa chipinda chake, ndipo mlimi amalandira ndalama zake asanamalize kumanga thumba lomaliza.