LINGA LIMENE LINABALA MUDZI WA MUTARE

Abale anga a m'migodi ndi a m'mapulazi, ambiri a inu mwatsikako pa Christmas Pass ndi kuona mudzi wa Mutare uli m'cigwa pakati pa mapiri, koma owerengeka okha adziwa kuti mudziwu unayamba monga linga la asilikari. Ndifuna kukufotokozerani amene analola kuti lingalo limangidwe, amene anaturutsa ndarama zace, ndi njira imene dziko linacokera m'manja mwa eni ace.

Cilolezo cinacokera ku London. Pa 29 October 1889 Mfumukazi Victoria anapatsa kampani ya Cecil Rhodes, dzina lace British South Africa Company, kalata yoilola kupangana ndi mafumu, kulandira maiko, ndi kukhala nao apolisi ace-ace. Boma la Angerezi linapereka pepala lokha. Thumba lace silinafune kumasula. Ndarama zogulira mfuti, akavalo ndi ngolo zinacokera kwa anthu acuma amene anasonkha m'Kampanimo, ndipo cuma cace coyamba cinali £1,000,000. Tsono anthu otere sasonkha cabe. Mzungu ali yense wa gulu loyamba lolowa m'dziko muno analonjezedwa pulazi la maekala 3,000 ndi malo 15 okumbapo golidi, Kampani isanaponde n'komwe nthakayo.

Mbiri ya golidi wa ku Manica inali itamveka kale, ndipo Apwitikizi okhala pa Macequece ankati dzikolo ndi lao. Cifukwa cace Archibald Colquhoun anafulumira kukafika kwa Mfumu Mutasa, napangana nayo pa 14 September 1890. Mfumu inabvomera kuti Kampani ikumbe miyala ya mtengo wace, ndi kuti sidzapatsa dziko kwa Azungu ena. Kampani inalonjeza kuiteteza ndi kuipatsa £100 caka ndi caka. Mau a pa pepalalo anali a Cingerezi. Ine ndine kalaliki, ndipo ndidziwa kuti wogwira colembera ndiye asankha mau.

Apwitikizi sanakhale cete. Akuru ao awiri, Paiva de Andrada ndi Manuel António de Sousa, amene anthu ankamutcha Gouveia, anafika kwa Mutasa kudzabweza mtima wa mfumu. Koma pa 15 November Patrick Forbes anawagwira m'mudzi momwemo. Pamenepo apolisi a Kampani anamanga linga pa kaphiri pafupi ndi Penhalonga, nalicha Fort Umtali. Mu May 1891 mfuti zinalira pafupi ndi Macequece, Apwitikizi nathawa. Ndipo pa 11 June maboma awiri a ku Ulaya analemba malire, Macequece kwa Apwitikizi, Umtali kwa Angerezi. Amanyika, eni dziko, sanaitanidwe pa bwalo limenelo.

Lingalo silinakhalitse. M'caka comweco mudzi unasamukira kumene lero tichula Old Mutare, ndipo mu 1896 anaganiza zousunthanso, pakuti njanji ya ku Beira sikanatha kukwera phiri. Sitima inafika pa mudzi watsopano mu 1898. Malo akale aja sanabwerere kwa Mutasa iai: Kampani inawapereka kwa Bishopu Joseph Hartzell wa Methodist kuti amangepo mishoni. Dzina lokha ndilo linabwerera, mu 1982, pamene Umtali anachedwanso Mutare.

Nanga analipira ndani potsiriza? Kampani itaona kuti golidi sacuruka monga inayembekezera, inaika msonkho wa nyumba mu 1894, masheleni 10 pa nyumba iri yonse. Potero munthu wakuda anayamba kusonkhera apolisi omwewo amene anadzakhala pa dziko lace.

Ife a ku nyanja tisayese kuti nkhaniyi ndi ya eni ace okha. Kampani yomweyo inkapatsa Harry Johnston £10,000 pa caka kuyambira 1891, kuti asunge asilikari kwathu. Caka comweco anamanga Fort Johnston, ndiko ku Mangochi lero; ndipo Chipata ndiye Fort Jameson wakale. Kumenekonso msonkho unafika pambuyo pa linga, ndipo pofuna ndarama za msonkhowo makolo athu ambiri anasenza mphasa ndi thumba la ufa, naoloka Zambezi pa Tete, nadzalembedwa ncito m'migodi ya Penhalonga.