Tiwakweze Ilala Abale Athu a kwa Dambe

Abale athu a kwa Dambe ku Mchinji akabwera kudzationa kuno kunyanja, timangowadyetsa chambo n'kuwaperekeza kokwerera basi. Ana awo amabwerera kumudzi atangonyowetsa mapazi, osadziwa kuti pakati pa madziwa pali zilumba zokhala anthu. Bwanji ulendo uno tiwakweze Ilala?

Kuchokera pa Kapiri, msewu wodzera ku Kasungu umatsikira ku Nkhotakota, kwa Jumbe kuja. Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera kuno zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Ndi gogo ndithu, ndipo gogo sathamangitsidwa. Funsani tsiku ndi doko lokwerera musanachoke pakhomo, ndipo tengani kamba wokwanira.

Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi, ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Pa Likoma mukaimirira pagombe la kum'mawa, mapiri a ku Cobue amaoneka ngati mungawakhudze. Pali milambe ikuluikulu, mchenga woyera, ndi timbuna tamawangamawanga tosewera m'miyala, toti mwana amationa ndi maso ali chiimire m'madzi. Palinso tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene Aangilikani anayamba kumanga mu 1903. Kachione mwaulemu, monga mmene timafunira kuti mlendo alemekeze mzikiti wathu.

Vuto ndi ili: mlimi wa kwa Dambe amagwira ndalama akagulitsa fodya ndi mtedza, ndipo miyezi yomweyo ya Juni ndi Julayi ndiyo mwera umakalipa. Ife tinauzolowera, koma munthu wakumtunda mafundewo amamusanzitsa mpaka kulumbira kuti sadzakweranso. Ndi bwino kusunga ndalamazo mpaka mphepo itagwa, cha mu Okutobala. Kumene kulibe doko lenileni anthu amatsikira m'maboti aang'ono mothithikana. Pamenepo mayi abereke khanda, bambo agwire dzanja la wamkuluyo, katundu abwere pambuyo. Musalolenso ana kusamba m'bango ndi m'madzi odikha, mmene mumabisala nkhono zofalitsa likodzo.

Za swala musade nkhawa. Wapaulendo amaloledwa kufupikitsa ndi kuphatikiza, ndipo Kibla kuno ndi chakumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Sitima ikagwedezeka kwambiri, swalini chokhala. Nyama ngati simukudziwa amene anazinga, isiyeni; usipa ndi utaka zilipo zambiri, ndipo kondowole wa pachilumba a kwa Dambe akamulawe okha.