Kukadya ku lesitilanti ya aChina: mcere ndi mpunga wotsala

Malo odyera a aChina acuruka m'mizinda yathu, makamaka mu Lusaka. Kale anthu ambiri anali kudziwa aChina cifukwa ca njanji ya TAZARA imene anamanga pakati pa 1970 ndi 1975, koma lero mabanja a m'makomboni amapita kukadya cakudya cao pa mapeto a mwezi kapena mwana akapambana mayeso. Malo amakono, a mipando yofewa ndi nyali zosawala kwambiri, ena amanyadira kaphikidwe kochedwa Cantonese. Kameneka ndi kaphikidwe ka ku cigawo ca Guangdong kum'mwera kwa China, kumene kuli mzinda wa Guangzhou, ndiponso ka ku Hong Kong.

Pa za umoyo, kaphikidwe aka kali ndi zabwino zambiri. Anthu a ku Guangdong sakonda kubisa kukoma kwa cinthu ndi tsabola wambiri. Nsomba amaiphika ndi nthunzi, n'kuikapo jinja ndi masamba a anyezi. Ndiwo zamasamba amaziika pamoto waukulu kwa mphindi zowerengeka, ndipo zimafika patebulo zikali zobiriwira. Tizakudya ting'onoting'ono tochedwa dim sum, timene amadyera pamodzi ndi tiyi, tambiri timaphikidwanso ndi nthunzi m'timadengu ta nsungwi. Amai amene amawiritsa repu mpaka ifiire angatengepo phunziro apa.

Bvuto lalikulu ndi mcere, ndipo suoneka ndi maso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, kamene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Koma supuni yaikulu imodzi cabe ya soy sauce, msuzi wakuda uja, ili ndi mcere wofika pafupifupi theka la muyeso umenewu. Wophika amakhala atauika kale mu mpoto, ndipo patebulo pamakhalanso botolo lina. Pali ndi oyster sauce, imenenso ndi yamcere. Munthu wa BP amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku angathe kuononga nchito ya mankhwalawo ndi cakudya ca usiku umodzi. Kwa iye ndi bwino kusiya botolo lija pamene lili, ndi kupempha kuti msuzi ubwere m'kambale kake. Odwala shuga naonso acenjere ndi char siu, nyama ya nkhumba yootcha yofiira kunja, pakuti kunyezimira kwake kumabwera ndi shuga kapena uci umene amaipaka.

Ambiri amaopa MSG kuposa mcere, koma mantha awa ali ndi maziko ofooka. Nkhani inayamba mu 1968 pamene dokotala Robert Ho Man Kwok analemba kalata ku magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine, kunena kuti anali kumva dzanzi ndi kufooka akadya ku malo a aChina. Kufufuza kumene kunatsatira sikunapeze umboni wokwanira wakuti MSG, pa muyeso wa m'cakudya, imadwalitsa anthu ambiri. Ndipotu MSG yomweyo ili mu Aromat ndi mu timakyubu tambiri tokometsera ndiwo timene tili kale m'makhichini a m'komboni.

Cimene cimafuna kufunsa ndi ca anthu amene thupi lao silimvana ndi zamoyo za m'nyanja ya mcere. Dim sum yochedwa har gow imaonetsa prawn yake poyera, koma siu mai imaoneka ngati nkhumba cabe pamene kawirikawiri muli prawn yosinja. Nshawa ndi mafuta ake zimalowanso m'zakudya zina. Munthu akayamba kutupa milomo, kuyabwa thupi lonse kapena kubanika, athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo, osayembekezera kuti kuce.

Cakudya ca aChina cimadyedwa mogawana, mbale zili pakati. Ku Hong Kong, matenda a SARS atabuka mu 2003, anthu analimbikitsidwa kukhala ndi timitengo kapena supuni yapadera yotapira m'mbale ya onse, yosiyana ndi imene munthu akuika m'kamwa. Palibe manyazi kupempha supuni yotere, ngakhalenso foloko kwa amene timitengo tikum'bvuta.

Ngozi imene imagwera mabanja ambiri imabwera pambuyo, cakudya citafika kunyumba. Mbale za kumeneku zimakhala zazikulu ndipo mtengo ndi wokwera, conco palibe amene amafuna kusiya mpunga. Amaumanga m'kabokosi kuti ana akadye m'mawa. Mu mpunga mumakhala kacirombo kochedwa Bacillus cereus kamene mbewu zake sizifa ngakhale mpunga waphikidwa. Mpunga ukakhala maola ambiri pamalo ofunda, kacirombo kamaswana ndi kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyu satha ndi kutenthetsa. Mpunga ungakhale ukununkhira bwino, wotentha kucokera pa mbaula, koma mwana n'kuyamba kusanza pasanathe maola 6. Kabokosi kamene kayenda mu minibasi kucokera mu tauni, n'kugona pa kabati usiku wonse mwezi wa October, ndiye malo abwino a kacirombo aka.

Mpunga wotsala ulowe mu firiji pasanathe ola limodzi kapena awiri, udyedwe tsiku lotsatira, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi. Kumene kulibe firiji, kapena malaiti atapita usiku wonse, mpungawo udyedwe usiku womwewo kapena utayidwe. Mwana akayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, apatsidwe madzi a ORS pang'onopang'ono, ndipo ngati akulephera kumwa kapena wafooka, atengedwe ku kiliniki.