MASIKU OYAMBA A MSILIKALI WA KEYALA PA MSASA WA ZOMBA

Nkhondo Yaikuru Yaciwiri itabuka m'mwezi wa September caka ca 1939, Boma la Nyasaland linayamba kulemba anyamata ambiri usilikali wa King's African Rifles, gulu limene anthu a kumidzi analicha Keyala. Gululi linakhazikitsidwa m'caka ca 1902, ndipo zigawo zace ziwiri, 1st ndi 2nd Battalion, zinali za dziko lino. M'nthawi ya mtendere asilikali anali ocepa, ambiri a iwo Ayao, ndipo munthu wokwatira ankaloledwa kukhala ndi mkazi wace m'nyumba za pamsasa. Nkhondo inasintha zimenezi. Tsopano kunafunika anthu zikwi zambiri a mitundu yonse, ndipo mnyamata wolembedwa anasiya banja lace kumudzi osadziwa tsiku lobwerera.

Ena anapita cifukwa amfumu anawaloza cala. Ena anakopeka ndi malipenga ndi yunifomu. Enanso anafuna ndalama ndi kupumula ku msonkho, monga anzao ankacitira popita ku Joni kapena ku Harare. Koma akuru-akuru amene anakumbukira mtengatenga wa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, m'mene amuna ambiri anafera m'njira atasenza katundu, sanakondwere poona ana ao alikukwera malole.

Atafika ku Zomba, patsinde pa phiri, mnyamatayo anayamba waonekera kwa dotolo, amene anamuyesa cifuwa, maso ndi mapazi. Atapambana pamenepo anadinda cala papepala, nametedwa, napatsidwa nambala. Nambala imeneyo anayenera kuidziwa pamtima, ngakhale anali asanapondepo pasukulu, pakuti malipiro ace, mfuti yace ndi kalata zace zonse zinayendera nambalayo. Dzina la mfunda limene anthu ankamlemekeza nalo kwao linalibe nchito pa perete.

Perete ndiye anali bvuto lalikuru la masabata oyamba. Lipenga linkalira kusanace, ndipo munthu wozolowera kudzuka pa nthawi yace ndi kupita kumunda monga afunira anaphunzira kuima, kutembenuka ndi kuponda pa mau a sajeni. Jombo zinatupitsa mapazi amene anakula osabvala nsapato. Mfuti, ya mtundu wa .303, anaphunzira kuimasula, kuipukuta ndi kuigwira masiku ambiri asanaloledwe kuombera cipolopolo ngakhale cimodzi. Cinthu cimodzi cinampeputsira mtolo: m'magulu a Nyasaland cinenero ca nchito cinali Cinyanja, pamene magulu a Kenya, Uganda ndi Tanganyika ankalankhula Ciswahili, ndipo Azungu otsogolera anayenera kuciphunzira. Komabe kwa Mtumbuka wa ku Mzimba kapena Mnkhonde wa ku Karonga naco Cinyanjaco cinali cacilendo.

Usiku ndiwo unali wowawa koposa. Cakudya cinalipo cokwanira, kawiri-kawiri coposa ca kumudzi, koma cinali cophika amuna ndipo cinadyedwa pakati pa alendo. Mvula yoyamba ikagwa, maganizo a msilikali watsopano ankathamangira kumunda: adzalima ndani, denga la nyumba adzafolera ndani, nanga mkazi akatopa ndi kudikira adzamletsa ndani? Amene anathawa pamsasa, pakuti analipo, sikuti onse anathawa cifukwa ca mantha a zipolopolo. Ena anathawira nkhawa za mtundu umenewu.

Pamenepa mpamene mphunzitsi wa pamudzi ndi kalaliki wa pa Boma analowa m'nkhondo osagwira mfuti. Msilikali wosadziwa kulemba ankapempha mnzace wophunzira kuti amlembere kalata, ndipo kalatayo ikafika kumudzi inkatengedwa kwa aphunzitsi kuti akaiwerenge. Motero zinsinsi za m'banja zinkadutsa m'manja mwa anthu awiri acilendo zisanafike kwa mwini wace, ndipo mwamuna wanzeru anaphunzira kulemba zocepa. Ndalama zimene msilikali analola kuti zidulidwe pa malipiro ace zinkafika kwa mkazi kapena amai ace kudzera ku ofesi ya Bwana Disi. Kalaliki akacedwetsa pepala, nkhani yace inkamveka kumsasa, ndipo mtima wa munthu uja sunakhalenso pa perete.

Masiku ophunzirawo sanali ambiri. M'mwezi wa July 1940 asilikali a 1st Battalion anali atakumana kale ndi Ataliana pa Moyale, kumalire a Kenya ndi Abyssinia, ndipo m'mwezi wa August a 2nd Battalion anali pankhondo ku British Somaliland. Olembedwa pambuyo pao anatengedwa kunka kumpoto kukatsiriza maphunziro ao ku Kenya. Kucokera kumeneko ena anaoloka nyanja kupita ku Madagascar m'caka ca 1942, ndipo ena, atapyola ku Ceylon, anafika ku Burma m'caka ca 1944 ndi gulu la 11th East African Division, natsika m'cigwa ca Kabaw mvula ilikugwa. Kalata za ku Ncheu ndi ku Mlanje zinkawalondola komweko, zitalembedwa nambala ija pamwamba.